Kubetcha kukudya chikondi chathu pa Flames

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni kadanga pa tsamba lanu la makalata kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaiyese yachibwana, koma ife akuno kunyanja tikuona kuti yafika posautsa. Nkhani yake ndi ya timu ya dziko lino ya mpira wamiyendo, Flames, mmene anthu a m'midzi ya Mangochi takhala tikuichemerera, ndi chilombo chimene chalowa pakati pathu n'kuyamba kudya chikondi chimenechi, ndicho kubetcha.

Poyamba tivomereze kuti Flames si timu yopambanapambana. Chilandirireni ufulu wodzilamulira mu 1964, timuyi yafika ku mpikisano waukulu wa chikho cha maiko a mu Africa katatu kokha: mu 1984 ku Ivory Coast, mu 2010 ku Angola ndi mu Januwale 2022 ku Cameroon. Pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri panapita zaka 26. Mwana wobadwa chaka cha ulendo woyamba anakula, kukwatira, kubereka, mwana wake n'kuyamba Sitandade 1, Flames isanabwerereko. Ku mipikisano iwiri yotsatira wa ku Cameroon uja sitinapezenso malo. Tsono munthu wochemerera timu yotereyi sachemerera chifukwa cha zikho ayi. Pali china chimene chimam'gwira mtima, ndipo ndi chimenecho ndikuopa kuti titaya.

Akuluakulu anzanga akukumbukira mmene zinkakhalira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. M'mudzi monse wailesi inkakhala imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri ya Nzeru, mwini wake mphunzitsi, wagolosale kapena bambo wobwera kumene ku Joni. Tsiku la mpira mabatire ankayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo wailesi sinkatsegulidwa ngakhale pa nthawi ya nkhani pofuna kusunga moto. Dzuwa likangopendeka anthu ankakhala atadzaza kale pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde la sitolo. Alovi ankabwera ndi ukonde wawo n'kumasoka makutu ali tcheru. Panali shehe ndi mkanjo wake, mkulu wa mpingo wa Anglican, mphunzitsi wa ku Rumphi amene boma linamutumiza kuno, Myao, Mnyanja, Mngoni, wa Bullets ndi wa Wanderers amene masiku ena onse sankamwerana madzi. Muulutsi wa MBC akangokweza mawu, onse ankadzambatuka pamodzi popanda wouza mnzake. Chigoli chikalowa, amayi amene ankati za mpira sazidziwa ankaimba nthungululu ali pamtondo, ana n'kuthamangira kumchenga akufuula dzina la wogoletsa.

Osewerawo sitinkawadziwa nkhope, poti wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. A Kinnah Phiri, a Jack Chamangwana, a Young Chimodzi, a Lawrence Waya ndi a Ernest Mtawali tinkawadziwa ndi khutu basi, mwina ndi kachithunzi kosaoneka bwino ka m'nyuzipepala imene inkafika kumudzi patapita sabata. Koma mwana aliyense wokankha chikulunga pamchenga wa ku Makawa kapena ku Malindi anali ndi dzina la mmodzi wa iwowa. Pamene Flames inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, mu 1979 ndi mu 1988, ndiponso pamene inagonjetsa Cameroon n'kutenga malo achitatu pa masewero a maiko onse a mu Africa ku Nairobi mu 1987, aliyense ankati "tawina," ngakhale nkhalamba yosakankhapo mpira chibadwire. Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, sindinaone phunziro la Civics limene linalowetsa m'mutu mwa ana tanthauzo la mawu akuti "dziko lathu" kuposa mphindi 90 zimenezo.

Ndipo chikondi chotere chimasunga mangawa. Mu Malichi 1984 Algeria inatithira zigoli zitatu kwa duu mumzinda wa Bouaké. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anabweza zitatu zomwezo kwa Algeria yomweyo, imene chaka chomwecho inali kupita ku chikho cha dziko lonse ku South Africa, mphunzitsi wa timu yathu ali a Kinnah Phiri aja tinkawamvera pa wailesi ya Nzeru. Achinyamata anasangalala ndi zigolizo, koma achikulire tinasangalala kawiri. Chimodzimodzi mu Juni 2008 pamene Chiukepo Msowoya anachinya Egypt, akatswiri a mu Africa pa nthawiyo, mpira uli pafupi kutha pa bwalo la Kamuzu.

Amene akuganiza kuti izi ndi nthano za makolo akumbukire usiku wa pa 25 Januwale 2022. Tinali titagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi kulepherana ndi Senegal, imene pamapeto pake inatenga chikhocho, goloboyi Charles Thomu atagwira ntchito ya anthu atatu. Patangotha mphindi zisanu ndi ziwiri tikusewera ndi Morocco ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anaumenya ali kutali zedi, goloboyi wawo n'kungouona ukugwera muukonde. Mfuu umene unamveka m'madoko a kuno usiku umenewo, mpaka kwa amene anali pamadzi ndi nyali zawo za usipa akumvera pa foni, sindinaumvepo ngakhale pa msonkhano wa ndale. Ana athu a ku Joni ankaimba mafoni motsatizana, osanena chilichonse chomveka, kungokuwa. Tinagonja 2-1, inde, koma m'mawa mwake anthu ankapatsana moni ngati kwagwa ukwati. Moto ulipo ndithu, sunazime.

Tsono taonani chimene chikuchitika pambali pake. Pafupifupi pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wochoka pa boma kukafika ku Monkey Bay pali nyumba zoonetsa mpira pa kanema, ndipo kubetcha kuli pakhomo pomwepo kapena m'thumba mwa mnyamata aliyense amene ali ndi foni. Mnyamata amasankha matimu asanu kapena khumi, n'kulosera opambana. Akalondola onse alandira ndalama zambiri, imodzi yokha ikaphonya zonse zapita. Pa kapepala kameneka Flames ilibe ulemu wina uliwonse. Ndi mzere umodzi chabe pakati pa matimu a ku England ndi a ku Spain, ndipo poti kawirikawiri imakumana ndi matimu oiposa mphamvu, mnyamata wofuna ndalama amailembera kuti igonja.

Zotsatira zake ndinaziona ndi maso anga mu Okutobala 2024. Anyamata athu anaigwira Senegal pa bwalo la Bingu kwa mphindi 90 zonse, mpaka Sadio Mané anagoletsa m'mphindi zoonjezera. Ife tinangoti zii, manja m'khosi. Koma kumbuyo kwathu anyamata angapo, ana a m'mudzi momwe muno, analumpha ndi chimwemwe n'kumagwirana chanza, ati tikiti yawina. Mwezi wotsatira Flames itathira Burkina Faso zigoli zitatu kwa duu, ena mwa omwewo anatuluka akutukwana kuti timu yawo yawaotchera tikiti. Bambo Mkonzi, dzina loti Flames ndi dzina la dziko lomweli, malawi a moto. Mwana wopempherera kuti Malawi igonje kuti iye apeze ya sopo tamutaya penapake, ndipo mlanduwo si wake yekha.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa chisoni cha wochemerera ndi mkwiyo wa wobetcha, ndipo atsogoleri a mipingo ndi mizikiti akuzindikire bwino. Wochemerera timu ikagonja amadandaula pamodzi ndi anzake, amanyoza kochi, amatsutsana za amene akanayenera kulowa m'malo mwa uje, kenaka n'kukagona. Mawa ali kumunda kapena kunyanja. Wobetcha amalira yekha, chifukwa chimene chapita ndi ndalama ya ufa, ya fizi, kapena ngongole imene mkazi wake sakuidziwa. Ndiye chifukwa chake matukwano a masiku ano kwa osewera, pa mafoni a m'mawailesi ndi pa Facebook, ali ndi ululu umene kale kunalibe. Kale osewera akaphonya chigoli tinkati watikhumudwitsa. Lero akuti wawabera.

Kuno kunyanja vutoli lakula msanga chifukwa mlovi amalandira ndalama m'manja m'mawa uliwonse akatsika m'boti, ndipo masana onse alibe chochita kudikira kuti kude. Nsombanso sizikuphedwa monga kale. Chambo chimene chinkadyedwa ndi aliyense tsopano ndi ndiwo ya alendo a ku mahotela. Munthu amene thukuta lake silikum'pindulira sachedwa kukhulupirira kuti kapepala kam'pulumutsa. Ana a sukulu nawonso akuonera kwa akulu awo. Lamulo la dziko lino limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo pali bungwe la boma la MAGLA loyang'anira zimenezi motsatira lamulo la 2022, koma foni sifunsa msinkhu wa chala chimene chikuidina. Mwana amangotenga foni ya mayi ake.

Sindikunena kuti mpira wa ku Ulaya ndi mdani, ngakhale zimandiwawa kuti mwana wa Sitandade 6 akhoza kutchula osewera onse a Arsenal koma osadziwa goloboyi wa dziko lake. Mwanayo salakwa. Arsenal amaiona sabata iliyonse pamsika, pamene Flames ili kutali ngati mwezi. Mu 2021 mabwalo athu atakanidwa ndi bungwe la CAF, masewero athu a "pakhomo" anakachitikira ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Kuyambira 2022 masewero akuluakulu akhala akuchitikira pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, ndipo bambo wa ku Makanjira kapena kwa Nankumba akawerengera thiransipoti, malo ogona ndi yolowera pachipata, aona kuti ndi thumba la feteleza limenelo. Chikondi chopanda kuonana chimafuna mkhalapakati. Kale mkhalapakatiyo anali wailesi ya pansi pa mtengo. Lero malo ake atengedwa ndi obetchetsa.

Kwa abusa, ansembe ndi mashehe, pempho langa ndi lakuti polalikira musaphatikize mpira ndi juga ngati tchimo limodzi. Ndamvapo maulaliki otero, ndipo chimene chimachitika n'chakuti achinyamata amangotseka makutu ku zonse ziwiri. Dzudzulani jugayo mosapsatira, poti pa nkhani imeneyi Akhristu ndi Asilamu simusiyana, koma mpirawo utengeni ukhale wanu. Maparishi ambiri ali ndi holo ndi magetsi a sola, ndipo masukulu ndi madrasa ali ndi mabwalo. Chingavute n'chiyani kuti tsiku limene Flames ikusewera mutsegule malo amenewa, muike kanema kapena wailesi ya mawu okweza, ana alowe ulele atakhala pambali pa makolo awo, aimirire pa nyimbo ya fuko, popanda wogulitsa tikiti pakhomo? Atsikana asatsalire kunyumba. Timu ya amayi ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a kumudzi ku Rumphi, atchukitsa dziko lino kunja kuposa amuna ambiri. M'boma ngati lathu lino, mmene atsikana ochuluka amasiyira sukulu panjira, zimenezi n'zofunika kuti azione ndi maso awo.

Kwa akuluakulu a bungwe la FAM ndikuti, bwalo la masewero pa boma pano lilipo. Bweretsani timuyi izidzachitira zokonzekera zake kuno kwa masiku angapo chaka chilichonse, isewere ndi anyamata osankhidwa a m'boma lino, ana a sukulu aigwire chanza. Koma pakonzedwe bwino, zipata zitsegulidwe nthawi yabwino ndipo ana alowe ndi aphunzitsi awo m'magulu, chifukwa sitinaiwale anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, amene anafa popanikizana pachipata cha bwalo la Bingu pa 6 Julayi 2017. Musaiwalenso kuti timu ya mpira wa pamchenga imene inakaimira dziko lino ku Vilankulo ku Mozambique mu 2022 inadalira ana a m'mbali mwa nyanja. Luso kuno lilipo, chosowa ndi maso olifunafuna. Muonenso njira yoti mawailesi a m'madera monga Dzimwe aziloledwa kulumikiza kuulutsa kwa masewero a Flames popanda mtengo wowalemera, ndipo ngati n'kotheka pakhale wofotokoza m'Chiyao, kuti agogo a ku Namwera ndi ku Katuli nawonso azidzambatuka pa mphasa.

Mafumu athu ndi makomiti a m'madoko ali kale ndi mphamvu yoletsa maukonde osaloledwa ndi kulanga opha nsomba nthawi yotseka nyanja. Ndikuwapempha kuti pa msonkhano wawo wotsatira aikepo nkhani ya nyumba zoonetsa mpira zimene zimalowetsa ana nthawi ya sukulu ndi kuwalola kubetcha, ndipo eni nyumbazo aitanidwe adzayankhe okha pabwalo.

Ine wanu wowerenga nthawi zonse,

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
T/A Mponda,
Mangochi.