Kodi Bambo Wotopa Aliyense Akufunika Testosterone?

Silverest yakula mofulumira. M'mbali mwa msewu wa Great East mwadzaza nyumba za anthu amene amalawirira ku ntchito mu Lusaka n'kubwerako kutada, ndipo University of Lusaka ili ndi kampasi yake komweko. Pamene pasonkhana anthu olandira malipiro, amalonda sachedwa kufika. Ena safuna n'komwe shopu. Amamupeza bambo pa Facebook ndi pa WhatsApp n'kumuuza kuti kutopa kwake, mimba imene yatuluka ndi kufooka kwake kuchipinda zonse gwero lake ndi limodzi: testosterone yachepa m'thupi. Akuti angopaka mankhwala pakhungu m'mawa uliwonse, unyamata ubwerera. Kodi ndani wayeza magazi a bambo ameneyu asanamuuze zimenezi?

Mankhwalawa pa okha si achinyengo. Testosterone ndi homoni imene imapangidwa m'machende molamulidwa ndi kachiwalo ka pituitary komwe kali pansi pa ubongo. Ndiyo imameretsa ndevu, kukulitsa mawu, kulimbitsa minofu ndi mafupa, komanso kudzutsa chilakolako cha kuchipinda. Alipo abambo amene thupi lawo silipanga yokwanira chifukwa machende anavulala, anatupa ndi matsagwidi, anawonongeka ndi mankhwala a khansa, kapena pituitary ili ndi chotupa. Ena anabadwa ndi vuto lotchedwa Klinefelter. Kwa anthu otere, mankhwala opaka monga AndroGel, amene boma la America linawavomereza mu 2000, amathandiza zedi, ndipo sayenera kuchita manyazi kuwafuna. Nkhawa yathu ili pa abambo ochuluka amene akukopedwa kugula mankhwala a matenda amene alibe.

Kodi munthu amadziwa bwanji kuti testosterone yake yachepa? Kutopa si umboni. Bambo amene amadzuka 5 koloko, n'kutha maola mumsewu wothinana, n'kugona pakati pa usiku akulingalira za ngongole ya nyumba ndi fizi ya ana, atopa ndithu ngakhale mahomoni ake ali bwinobwino. Umboni uli m'magazi. Amayenera kutengedwa m'mawa, poti homoniyi imakwera m'mawa n'kutsika madzulo, ndipo ayezedwe kawiri pa masiku osiyana. Madokotala ambiri amati yachepa ikatsika pansi pa 300 ng/dL, komanso munthuyo ali ndi zizindikiro zooneka. Testosterone imatsika yokha pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pa chaka, munthu akapitirira zaka 40. Uku ndi kukula, ndipo mu 2015 bungwe la FDA ku America linanenetsa kuti mankhwalawa anavomerezedwa kwa odwala matenda odziwika, osati kwa aliyense amene zaka zapita. Nanga wogulitsa wa pa foni uja amafunsa pepala la ku labu?

Ngati yachepadi, chaichepetsa n'chiyani? Funso ili ndi limene malonda amalijomba. Kunenepa kwambiri kumaitsitsa. Matenda a shuga, mowa wa tsiku ndi tsiku, kusowa tulo, HIV, ndi mankhwala opha ululu monga tramadol ndi morphine nazonso zimaitsitsa. Bambo akachepetsa thupi, testosterone nthawi zambiri imakwera yokha. Ndipo kulephera kuchipinda kawirikawiri kumachokera ku mitsempha ya magazi imene yayamba kuwonongeka ndi shuga, BP kapena fodya. Kwa ena ndilo chenjezo loyamba la matenda a mtima. Kodi tamuthandiza bambo amene wapaka mankhwala chaka chathunthu pamene shuga akumudya mwakachetechete? Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi alipo wamuuza bamboyu za ana ake? Mankhwalawa amapakidwa pamapewa ndi kumtunda kwa mikono, pakhungu louma. Wopaka ayenera kusamba m'manja ndi sopo nthawi yomweyo, kudikira kuti aume, kuvala malaya ophimba malowo, ndi kusasamba kwa maola angapo. Tsopano taganizirani nyumba zathu m'mwezi wa Okutobala. Bambo wakhala pakhonde ndi vesiti chifukwa cha kutentha. Kamwana ka zaka zitatu kathamanga n'kumukwera, tsaya lake lagona paphewa pomwe papakidwa mankhwala. M'bafa muli thaulo limodzi la banja lonse. Zimenezi zikachitika tsiku ndi tsiku, homoni ija imalowa m'thupi la mwanayo. Mu 2009 FDA inalamula kuti pa mankhwala opaka a testosterone paikidwe chenjezo lalikulu, atapezeka ana aang'ono amene anamera tsitsi la kumaliseche, ziwalo zawo zobisika zinakula msanga, ndipo anayamba ukali. Mayi naye akhoza kutuluka ziphuphu ndi tsitsi kumaso, ndipo ngati ali woyembekezera, mwana wa m'mimba ali pangozi. Kodi kabotolo kogulidwa mobisa, kobisidwanso kwa mkazi, kangateteze bwanji a m'nyumba amene sakudziwa n'komwe kuti kalipo?

Nanga za kubereka, ndani akuzitchula? Ambiri amaganiza kuti testosterone yochuluka ndiye kubereka kwambiri. Zoona zake n'zosiyana. Ubongo ukaona kuti homoniyi yadzaza m'magazi kuchokera kunja, umasiya kulamula machende, ndipo mbewu ya abambo imachepa kapena kutheratu. Machende amathanso kuchepa. N'chifukwa chake bungwe la WHO linachita kafukufuku wa jakisoni wa testosterone ngati njira yolerera ya abambo, zotsatira zake n'kutuluka mu 1990 ndi 1996. Munthu akasiya mankhwala, mbewu imatenga miyezi yambiri kuti ibwerere, ndipo kwa ena sibwerera bwino. Tonse tikudziwa amene amalozedwa chala m'banja mukapanda mwana. Mkazi ndiye amatengedwa kupita kwa asing'anga ndi ku mapemphero, ndiye amamva mawu olasa a apongozi ndi alamu. Kodi ndi chilungamo kuti mayi asenze chitonzo cha uchumba pamene chifukwa chake chili m'kabotolo ka mwamuna wake?

Kodi ndani adzayang'anira bamboyu akayamba kupaka? Testosterone imachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kulimba, ndipo madokotala amaimitsa mankhwala muyeso wa maselowa, wotchedwa hematocrit, ukapitirira 54 peresenti. Amayezanso PSA, muyeso wa m'magazi wounikira prostate, chifukwa munthu amene ali ndi khansa ya prostate sayenera kupatsidwa homoniyi mwachisawawa. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zikuvutitsa kwambiri abambo m'Zambia, ndipo ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka itapita kale patali. Kafukufuku wamkulu wa TRAVERSE, amene anatuluka mu 2023 atatsata abambo oposa 5,000 a zaka 45 mpaka 80, anapeza kuti mankhwala opakawa sanachulukitse matenda aakulu a mtima ndi sitiroko. Koma anapezanso kuti kugunda kwa mtima kosalongosoka, magazi oundana m'mapapo ndi kuvulala kwa impso zinali zochulukirapo mwa opaka. Abambo amenewo anali oyezedwa ndi oyang'aniridwa ndi madokotala. Nanga wa ku Silverest amene walandira katundu wake pa njinga yamoto, adzamuyeza ndani?

Kwa a ZAMRA, bungwe limene lamulo la 2013 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, tili ndi funso. Sitinaiwale za chakumwa cha Natural Power SX chopangidwa ku Ndola, chimene chinaletsedwa mu 2019 chitapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra, pamene anthu ankangochigula ngati chakumwa chopatsa mphamvu. Dandaulo linachokera ku Uganda, ndipo Malawi nayo inachiletsa. Ngati zinatheka ndi chakumwa chogulitsidwa poyera m'mashopu, kuli bwanji timabotolo toyenda pa WhatsApp ndi m'malo olimbitsira thupi? Testosterone ndi mankhwala ofuna kalata ya dokotala. Kodi ogulitsa popanda kalata akutsatidwa? Kodi munthu wamba akudziwa kumene angakanene?

Komabe sitingadzudzule abambo okha. N'chifukwa chiyani bambo amakhulupirira wogulitsa mankhwala azitsamba a mutototo kapena mlendo wa pa foni kuposa chipatala? Anakula akumva kuti mwamuna salira. Amaopa kunenedwa kuti anagwa mu mpapaya. Amayi ali ndi sikelo kumene thupi lawo limayezedwa kawirikawiri, pamene bambo amafika kuchipatala atagwa kale. Kodi pa Chongwe District Hospital ndi m'makiliniki a m'derali sipangakhale tsiku la abambo, pamene munthu angayezetse shuga, BP ndi prostate n'kulankhula za kuchipinda chitseko chili chotseka? Kodi a NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, anena momveka ngati khadi lawo limalipira kuyeza mahomoni? Kodi ophunzira za udokotala ku Silverest sangatengere nkhaniyi m'mipingo ndi m'magulu a abambo? Alangizi a mabanja amaphunzitsa zambiri za kuchipinda. Awonjezerepo kuti mphamvu zikachepa, koyamba kupita ndi kwa dokotala, mwamuna ndi mkazi limodzi.

Inu bambo amene mwatopa, amene chilakolako chazilala ndipo mukuvutika nazo nokha mumtima, vuto lanu ndi lenileni ndipo lili ndi thandizo. Pitani kuchipatala m'mawa mukayezetse magazi, kawiri. Funsani za shuga, BP ndi prostate. Muuzeni dokotala ngati mukufunabe ana. Akakulemberani mankhwala opaka, kaguleni ku famase yovomerezeka, auzeni akazi anu, ndipo tetezani ana anu. Musapake testosterone musanayezedwe.