Nkongole Timatenga, Pamaliro Sitioneka

Tileke kudzinamiza kuti ife a mu Lusaka timalandira alendo bwino. Timawagwiritsa nchito chabe. Shuga ndi saladi wa nkongole timatenga pa shopu ya munthu wa ku Rwanda, tsitsi timalukitsa kwa mayi wa ku Congo pa Northmead, Chisanu usiku timavina rumba yao mpaka mbandakucha. Koma ndani wa imwe anagonapo pamaliro a mmodzi wa iwo? Uja mumangomuitana kuti "Kasai", dzina lake mulidziwa?

Ena a imwe munali ana mu April 2016, lekani ndikuuzeni. Mphekesera inamveka yakuti a ku Rwanda ndiwo akupha anthu ndi kuwachotsa ziwalo kuti malonda aziyenda. Chipolowe chinayambira ku Zingalume ndi George, n'kufalikira m'makomboni ena. Mashopu opitirira 60 anathyoledwa. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onse anali a Zambia. Mazana a alendo anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park, kungodumpha Great East Road kuchoka pa Northmead. Ena mwa iwo anali atathawa kale zikwanje kwao mu 1994. Munthu wothawa kawiri, muganiza amagona tulo totani?

Chimene chimandiwawa n'chakuti bala limeneli silidya mwamuna ndi mkazi mofanana, ndipo onse awiri timawaona molakwa.

Mwamuna timamuona ali kuseri kwa mawaya a shopu kuyambira 05:00 mpaka usiku, timati ali ndi ndalama. Kapena kwao anali mphunzitsi, kapena kalaliki wa boma. Pano mapepala ake a sukulu ali m'sutikesi. Alibe malume womudandaulira, alibe mnzake wa ubwana, ndipo ife amuna anatiphunzitsa kuti mwamuna salira. Ndiye amangokhala duu. Wina amathawira ku mowa, wina ukali wake umathera pa mkazi ndi ana. Ife timangoti anthu aja ndi onyada, sakamba ndi anthu.

Mkazi timati iye ndiye wazolowera, poti Chinyanja anachigwira msanga pamsika, ali m'kwaya, mwina analowa ndi chilimba. Zoona, azimayi amapezana mosavuta, ndipo zimathandiza. Koma kuseka pa saluni si kuchira. Ena a azimayi amenewa achokera kum'mawa kwa Congo, kumene asilikali ndi zigawenga akhala akugwirira akazi ngati njira yomenyera nkhondo. Nkhani yotere angaikambe kwa ndani, m'chilankhulo chobwereka, kwa anthu amene mawa adzaiyendetsa komboni yonse? Ndipo akamenyedwa kunyumba, kapena mwini nyumba akayamba kugogoda usiku, aganiza kawiri asanapite ku polisi, pakuti funso loyamba lingakhale la mapepala. Lamulo la othawa kwao la 2017 lifunabe kuti munthu akhale ndi chilolezo kuti akhale m'tauni osati ku Meheba, Mayukwayukwa kapena Mantapala. Amuna ena a kuno adziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo ndicho chifukwa chake salemekeza "iyayi" wa mkazi wachilendo. Anyamata, apa ndikamba ndi ife.

Mudzati apite ku chipatala. Chipatala chiti? Dzina la Chainama talisandutsa chotukwanira. Lamulo la 2019 la matenda a maganizo linachotsa mawu onyoza amene anali m'lamulo lakale la atsamunda, koma m'kamwa mwathu akalimo. Ngati mwana wa pa Kabwata aopa kunena kuti maganizo am'lemera, nanga mlendo amene amuganizira kale ufiti?

Ndiye pali ana ao. Anabadwira pa UTH, aphunzira nafe, Chinyanja cha m'tauni amatiposa. Koma malamulo athu sapatsa mwana unzika chifukwa chobadwira kuno ngati makolo onse awiri ndi akunja. Akafika zaka 16, anzake a m'kalasi akupita kukatenga NRC yobiriwira, iye atsala pa shopu, akulemba nkongole za amayi anu m'kabuku.