Makanema a makolo athu abwere kuno akadalipo owazindikira

Mu 1926 kampani ya Paramount ku America inatulutsa filimu ya chikondi yotchedwa The Great Gatsby, yochokera m'buku la F. Scott Fitzgerald limene linali litatuluka chaka cham'mbuyo. Inali ya mtundu wakale uja wopanda mawu: anthu amayendetsa milomo, zimene akunena n'kumalembedwa pansalu. Lero palibe angaionere ngakhale atakhala ndi ndalama zotani. Chinatsala ndi kachidutswa kakafupi kamene ankaitanira nako anthu.

Sinatayike yokha. Mu 2013 nyumba ya mabuku ya Library of Congress inalengeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene Amereka anapanga pakati pa 1912 ndi 1929, okwana 70 pa 100 alionse anatheratu. Ankajambulidwa pa tepi ya nitrate imene siichedwa kugwira moto, ndipo ikakhalitsa imawola n'kusanduka ufa. Mu 1937 moto unanyeketsa nkhokwe ya mafilimu ya kampani ya Fox ku New Jersey. Ena anachita kutayidwa dala mafilimu olankhula atabwera, poganiza kuti akale aja atha ntchito.

Chimene chimandigwira mtima n'choti eni ake anakhala pansi n'kuwerenga zimene anataya, dzina ndi dzina. Kuno kwa Mwape, ku Nyimba ndi ku Petauke, ifenso tili ndi maliro otere, koma sitinawalire.

Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yoyambitsidwa ndi amishoni ndi ndalama za bungwe la Carnegie. Anaitsogolera Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, yemwe kale anali mkulu wa maphunziro a anthu akuda muno mu Northern Rhodesia. Anajambula mafilimu 35 ku Tanganyika, n'kuwakweza pa lole kumakaonetsa ku Kenya, Uganda, Nyasaland ndi dziko lathu lino. Popeza analibe mawu, ndemanga zake zinkaseweredwa pa malekodi a galamafoni, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Mwa mafilimu 35 aja, atatu okha ndiwo alipo lero, ndipo ali ku London, m'manja mwa British Film Institute.

Pambuyo pake, mu 1948, kunabwera Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, imene inagwira ntchito mpaka chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963. Iyi ndiye inajambula anthu a m'maiko atatu a chitaganyachi m'midzi mwawo: akulima, akuvina, akuweruza milandu pabwalo. Mafilimu ake oyamba analinso opanda mawu. Galimoto la baisikopo likafika madzulo, ankakoleka nsalu, jenereta n'kulira, ndipo munthu mmodzi ankagwira chimkuzamawu kumafotokozera khamu m'chilankhulo chawo. Munthu ameneyu ndiye ankaipatsa moyo filimuyo. Ankaikamo nthabwala ndi miyambi, n'kuwalankhulira anthu a pansalu ngati amadya nawo limodzi. Luso lakelo linkathera pompo usiku womwewo, ndipo ndimaliona kuti ndi chuma chachikulu kuposa tepiyo.

Sindikunena kuti mafilimuwa anali abwino. Ambiri anali ophunzitsa modzikuza, oonetsa munthu wakuda ngati mwana wofunika kumugwira dzanja, ndipo m'zaka zomaliza anasanduka chida chokometsera chitaganya chimene anthu athu ankachikana. Koma kamera siijambula zofuna za bwana zokha. Kumbuyo kwa phunziro la ukhondo kumaoneka mamangidwe a nkhokwe, kamangidwe ka mpango, mphini za pankhope, kayendedwe ka mayi wosenza mtsuko. Ambiri mwa mafilimu amene anapulumuka amasungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, kutali ndi zidzukulu za amene ali mmenemo.

Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba. Pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo mafoni amakwezedwa m'mwamba ochuluka, ndipo ukwati uliwonse umajambulidwa. Koma foni ikagwera mu Luangwa, kapena memori khadi ikadzaza mwini n'kufufuta kuti alowetsemo nyimbo zatsopano, gogo amene anaimba tsiku lija wapita kachiwiri. Tikutaya msanga kuposa mmene nitrate inkawolera.

Pempho langa likupita kwa a National Archives of Zambia ku Lusaka ndi a ZANIS, amene ali kale ndi magalimoto oonetsera kanema kumidzi. Akambirane ndi anzawo a ku Harare ndi ku London, atenge makope a zonse zimene zinajambulidwa m'dziko muno, azibweretse pa boma la Petauke ndi la Nyimba, kenako kunyumba za mafumu. Poonetsapo pakhale wolemba, ndipo okalamba akhale kutsogolo kuti azitchula midzi, magule ndi nkhope zimene akuzidziwa. Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1955, akuthamangira galimoto la baisikopo, lero wadutsa zaka 80.