Earth yakalamba, koma kodi olemba ndemanga akuimvetseradi?

Ndivomere kaye mlandu wanga. Tsiku loyamba kumva chimbale cha Earth chotchedwa Full Upon Her Burning Lips, ndinachizimitsa nyimbo yoyamba isanafike pakati. Ndinkamvera pa sipika ya foni, uku ndikuyankha mauthenga a pa WhatsApp. Nyimboyo, Datura's Crimson Veils, imatenga mphindi pafupifupi 12, mulibe mawu a munthu, ndipo gitala amangobwereza kachidutswa kamodzimodzi, kuyenda ngati ngolo ya ng'ombe pamchenga. Ndinati aaa, izi ndiye ayi.

Kwa amene simukulidziwa, Earth ndi gulu la ku America lomwe Dylan Carlson analiyambitsa mu 1989 mumzinda wa Olympia, m'chigawo cha Washington. Chimbale chawo cha mu 1993, Earth 2, chili ndi nyimbo zitatu zokha koma chimapitirira ola lathunthu: kulira kwa gitala kolemera, kong'ung'udza mosalekeza. Ambiri amati apa ndi pomwe panabadwira mtundu wa nyimbo wotchedwa drone metal, ndipo gulu lotchuka la Sunn O))) silibisa kuti linatengera kwa Earth. Kenako Carlson anasowa kwa zaka zingapo, akulimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Atabwerera mu 2005 ndi chimbale cha Hex, phokoso lija linali litaphwa, m'malo mwake kunabwera gitala woyera, wonunkhira nyimbo za country. Mu 2014, pa Primitive and Deadly, anaitananso oyimba ndi mawu, mmodzi mwa iwo malemu Mark Lanegan.

Ndiye chimbale cha mu 2019 chija chinatuluka gululi litakwanitsa zaka 30, anthu atazolowera kuti Earth ikabwera imabwera itavala zachilendo. Ulendo uno sinatero. Anangotsala awiri: Carlson pa gitala ndi besi, Adrienne Davies pa ng'oma. Basi.

Ndemanga zomwe ndinawerenga zinali za mitundu iwiri, ndipo yonse inandisiya ndi njala.

Mtundu woyamba ndi woyamikira, ndipo ndi umene unachuluka. Koma taonani mmene kuyamikirako kumayendera. Wolemba ayamba ndi 1993, akumbutsa kuti Carlson anali mnzake wapamtima wa Kurt Cobain wa Nirvana, adutsa pa nkhani ya mankhwala ija, kenako ndime ziwiri zomaliza ndiye anena kuti chimbale chatsopanochi ndi chabwino, akuluakulu sanataye luso. Uku ndi kuwombera m'manja agogo poti ndi agogo. Timachita zimenezi pamaliro ndi paukwati: mkulu akaimirira tonse timagwedeza mutu, koma mutifunse mawa zomwe ananena, zii. Ulemu woterewu ndi njira yaulemu yosamvera munthu.

Mtundu wachiwiri ndi wodandaula kuti chimbalechi n'chachitali, nyimbo zake zikufanana, palibe chatsopano. Awa ndimawalemekezako, chifukwa akuoneka kuti anamvera. Ndipo pena akunena zoona: nyimbo ndi 10, zonse pamodzi zimadutsa ola, ndipo chapakati pali malo omwe ine ndemwe sindidziwa kuti iyi yatha liti, inayo yayamba liti. Nditapatsidwa lumo ndikanadulako. Koma kudandaula kuti gulu la drone likubwerezabwereza kuli ngati kudandaula kuti mtondo ukungolira mofanana. Kubwerezako ndiye ntchito yake. Funso loyenera ndi lakuti, mkati mwa kubwerezako, chikusuntha n'chiyani?

Yankho ndinalipeza ulendo wachiwiri, usiku, nditavala mahedifoni, foni nditaitembenuza chafufumimba. Chikusuntha ndi ng'oma. Davies wakhala m'gululi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma pa zimbale zina ng'oma zake zimakhala kuseri kwa zoimbira zambiri: kiyibodi, cello, magitala a alendo. Apa zonsezo zachotsedwa, ndipo umamumva bwinobwino. Kuimba ng'oma mothamanga n'kovuta, inde, koma yesani kuimba pang'onopang'ono chonchi osataya sitepe. Amachedwetsa dzanja mpaka umaganiza kuti waiwala, kenako n'kumenya, pa nthawi yake yeniyeni. Pa The Colour of Poison, iye ndi gitala amaima limodzi mwadzidzidzi, n'kusiya bata lomwe limakukoka khutu kuposa phokoso. Gulu lomwe linatchuka ndi chimbale chomwe ng'oma sizimveka n'komwe, patatha zaka 26 latulutsa chimbale chomwe mwini wake weniweni ndi woimba ng'oma. Ngati chimenecho si chatsopano, ndiye chatsopano n'chiti? Alipo olemba amene anazitchula, koma kwa ine nkhani yonse inayenera kuyambira pamenepo, osati pa Cobain.

Vuto ndi muyeso womwe timayezera oyimba akale. Timafuna atidzidzimutse kapena atikumbutse unyamata wawo. Akachita chinthu chachitatu, monga kuchotsa m'malo mowonjezera, muyeso wathu sugwira, ndiye timathawira ku ulemu kapena ku kuyasamula. Sizodabwitsanso kuti m'chaka chomwecho Life Metal ya Sunn O))), yojambulidwa ndi Steve Albini, inali yosavuta kuilembera nkhani: dzina lalikulu, phokoso lalikulu. Chimbale cha Earth sichikupatsa mutu wa nkhani msanga chotero.

Ndipo tisaloze chala olemba okha, ife a mafoni tili momwemo. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa ikangodutsa masekondi 30. Pa masekondi 30, Carlson amakhala asanamalize n'komwe kukupatsa moni. Ndikudziwa, bandulo ndi yodula, ndipo palibe amene akukukakamizani kukonda nyimbo zopanda mawu za anthu a ku Washington. Mwina mudzamvera n'kunena kuti n'zotopetsa, ndipo umenewo ndi ufulu wanu. Changa n'chakuti chigamulocho chibwere mutamvera, osati chala chili kale pa batani monga ndinachitira ine tsiku lija.

Mukafuna kuyesa, musayambe ndi nyimbo yoyamba. Yambani ndi Cats on the Briar, ndi yaifupiko. Sipika ya foni isiyeni, imadya besi yonse. Valani mahedifoni, gitala musamutsate, tsatani dzanja la Davies.