Zovala zikauma, madzi ake amapita kuti?

Kumudzi nkhani yoyanika zovala siichititsa munthu mutu. Bwalo lilipo, dzuwa lilipo, ndipo chingwe chimamangidwa kuchoka pa mtengo wa mango kukafika pa nkhokwe. Koma ana ambiri a alimi tsopano akukhala m'tauni: ena m'chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Kanyama, ena m'nyumba zosanjikizana za ku Mbare ndi ku Hillbrow, enanso ku Manchester ndi ku Glasgow kumene amagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Kumeneko bwalo likakhalapo limakhala la mabanja ambiri. Chovala chikasiyidwa panja popanda wochiyang'anira chimasowa, ndipo m'nyumba zosanjikizana zambiri za ku South Africa muli malamulo oletsa kuyanika zovala pamalo oonekera kumsewu. Mvula ikamanga nthenje mu Januwale, kapena chiperoni chikakuta Blantyre mu Juni, zovala zimathera pa mipando, pa chitseko ndi pa chingwe cha neti yoteteza udzudzu.

Pa chifukwa chimenechi mabanja ena amagula kapena kukhometsa choyanikira cha kudenga. Chimenechi ndi mitengo yowongoka inayi kapena isanu ndi umodzi, yogwirizanitsidwa kumapeto konse kuwiri, imene imalendewera pa zingwe zodutsa pa timawilo tokhomedwa kudenga. Munthu amachitsitsa, n'kuyanikapo zovala, n'kuchikweza, kenaka n'kukulunga chingwe pa chokolekera cha kukhoma. Si chinthu chatsopano ayi. Ku Britain chinafala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo m'makhitchini a nyumba zosanjikizana za ku Glasgow chinkapachikidwa pafupi ndi chitofu. Ku Brazil chimapezeka m'nyumba zambiri za m'mizinda. Ubwino wake ndi uwiri: sichidya malo a pansi, komanso mpweya wofunda umakwera m'mwamba, kotero chovala chimauma msanga kudenga kusiyana ndi pa mpando.

Komabe amene wayamba n'kusankha choyanikira chokongola m'sitolo wayambira kumchira. Pali mafunso awiri oyenera kuyankhidwa ndalama isanatuluke m'thumba. Madzi a m'zovalazo adzapita kuti? Nanga dengalo lingathe kunyamula katundu wotani?

Madzi amangosamuka

Mlimi wa fodya wa burley amadziwa chifukwa chake chigafa chilibe makoma. Fodya amauma ndi mphepo yodutsa, ndipo akathinana pa mikangala amawola asanaume. Chovala nachonso n'chimodzimodzi. Madzi ake akachoka mu nsalu amalowa mu mpweya wa m'chipinda. Ngati mpweyawo ulibe kotulukira, madziwo amakatera pa zinthu zozizira monga galasi la windo, khoma la kuseri kwa kabati ndi kunsi kwa malata, ndipo pakapita masabata angapo pamaoneka madontho akuda a chuku.

Mu 2012 akatswiri a pa Mackintosh School of Architecture ku Glasgow anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'nyumba 100. Anapeza kuti mabanja 87 mwa amenewo ankayanika zovala m'nyumba nyengo yozizira, ndiponso kuti zovala zochapidwa ulendo umodzi zimatulutsa madzi okwana pafupifupi malita 2. Zimenezo zinali zovala zofinyidwa ndi makina. Zofinya ndi manja zimasunga madzi ochuluka kuposa pamenepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 osonyeza kuti anthu okhala m'nyumba za chinyontho ndi chuku amadwaladwala chifuwa, kubanika ndi mphumu. Ana, okalamba ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika ndiwo amavutika kwambiri.

Mlandu wa chinyontho sukhala wa wolipira lendi yekha. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale, ku England, ndipo mu Novembala 2022 bwalo lofufuza za imfayo linagamula kuti anafa chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya chuku imene inalibe njira zokwanira zotulutsira mpweya wonyowa. Makolo ake anali atadandaula kwa eni nyumba kangapo konse. Kuyambira mu Okutobala 2025 lamulo la ku England likukakamiza makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba kufufuza ndi kukonza vuto lotere m'masiku owerengeka. Windo lomwe silitseguka ndi khoma lomwe limamwa mvula ndi nkhani zoti mwini nyumba akonze, kulikonse kumene nyumbayo ili.

Choncho malo oyenera choyanikira ndi pafupi ndi windo lotseguka, makamaka pamene mphepo ingalowe mbali ina n'kutulukira mbali ina. Khonde lofolera, bafa lokhala ndi windo kapena mpita wa pakati pa zipinda ndi malo abwino kuposa pamwamba pa bedi. Zovala zikwezedwe m'mawa kuti ziume masana windo lili chitsegukire. Chipinda chimene chilibe windo nkomwe sichiyenera choyanikira cha mtundu uliwonse.

Pamwamba pa mbaula kapena pa chitofu cha palafini ndi malo oopsa. Chovala chikagwa ndiye kuti nyumba yapsa. Choopsa chinanso n'kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka pofuna kuumitsa matewera, pakuti makala amatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

Denga linganyamule zingati?

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Zovala za thonje zolemera makilogalamu 5 zili zouma zimatha kufika makilogalamu 10 zikachapidwa ndi kufinyidwa ndi manja, ndipo bulangete lonyowa limaposa pamenepo. Kuonjezera kulemera kwa choyanikiracho, katundu yense angakwane makilogalamu 12. Anthu ambiri amaganiza kuti timawilo tiwirito timagawana katunduyo mofanana, koma sizili choncho. Kawilo ka mbali imene zingwe zonse zimatsikira kukhoma kamanyamula gawo lake kuphatikizapo kukoka kwa chingwe chotsikacho. Pa katundu wa makilogalamu 12 kawilo kameneka kamamva pafupifupi makilogalamu 18, ndipo kamamva ochuluka munthu akakoka modzidzimutsa. Pamenepo ndi pamene choyanikira chimayambira kuzuka.

Madenga ali mitundumitundu. M'nyumba zosanjikizana denga limakhala la konkire, ndipo limafuna kubowola ndi kuikamo mabawuti otukumuka m'kati mwa chibowo, amene m'mashopu amawatcha rawl bolt. Mmisiri asabowole molunjika ndi babu kapena swichi chifukwa m'konkiremo mumadutsa mawaya a magetsi. Siling'i ya bolodi kapena ya pulasitiki payokha singanyamule kanthu, ndipo timatabwa tating'ono timene imakhomedwapo tinaikidwa kuti tigwire bolodi basi. Pamafunika kupeza mtanda weniweni wa denga. Ngati mitanda siili pamalo ofunikawo, thabwa lolimba likhomedwe kuchoka pa mtanda wina kukafika pa unzake, ndipo timawilo tikhale pa thabwalo. Msomali wamba suyenera ntchitoyi pakuti katundu wokokera pansi amauzula pang'onopang'ono. Pamafunika masikuluwu aatali oluma bwino mu mtengo.

M'nyumba ya malata yopanda siling'i ntchito imaphweka chifukwa mitanda imaonekera, koma iyambe yagogodwa ndi kubayidwa ndi mpeni kuti zidziwike ngati siinadyedwe ndi chiswe kapena kufumbwa. Nyumba zina zakale, makamaka ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku South Africa, zili ndi madenga kapena masiling'i a asibesitosi. Amenewa asabowoledwe konse, popeza fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amadzaonekera patapita zaka zambiri. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, koma nyumba zomangidwa kale zikadali naye. Ndipo wokhala pa lendi ayambe wagwirizana ndi mwini nyumba, makamaka molemberana, kuopa kudzaluza ndalama ya chikole chifukwa cha mabowo anayi.

Kuyeza ndi kusankha

Zipinda zambiri za m'tauni n'zotalika pafupifupi mamita 2.4 kuchoka pansi kufika kudenga. Choyanikira chikakwezedwa chimatsala masentimita 30 kuchoka kudenga, ndipo buluku la munthu wamkulu lopindidwa pakati limalendewera masentimita ngati 55. Pansi pake pamatsala mamita 1.55 okha, kutanthauza kuti munthu wamkulu adzagunditsa mutu. N'chifukwa chake choyanikira sichiyenera kukhala pa njira ya pakhomo, ndiponso chitseko, windo ndi kabati zizitseguka popanda kuchikhudza.

Utali woyanikapo umawerengedwa mosavuta. Mitengo 4 ya mamita 1.5 imapereka mamita 6, okwanira munthu mmodzi kapena awiri ochapa pang'onopang'ono. Mitengo 6 ya mamita 1.8 imapereka mamita 10.8, oyenera banja lokhala ndi khanda. Pakati pa mitengo pakhale mpata wolowa chikhatho, masentimita 10 kapena kuposerapo, kuti mphepo izidutsa. Choyanikira chothinana chimanyamula zovala zambiri, koma zimauma mochedwa ndipo zimanunkha.

M'masitolo muli mitundu itatu. Mtundu woyamba umakwera ndi kutsika wonse pamodzi. Ndi wolimba, koma ukadzaza umalemera kwa nkhalamba ndi mayi woyembekezera. Wachiwiri uli ndi chingwe pa mtengo uliwonse, choncho munthu amakweza pang'onopang'ono, ngakhale zingwe zake zopyapyala sizichedwa kutha. Wachitatu ndi wa magetsi. Umenewu ndi wodula, ndipo kumene magetsi amathimathima zovala zikhoza kugona kudenga tsiku limene mwana akufuna yunifolomu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chitsulo chonyezimira chotchipa chimachita dzimbiri utoto ukangokalika, ndipo dzimbiri likalowa mu malaya oyera silichoka. Chitsulo chosachita dzimbiri, aluminiyamu kapena matabwa a paini osalazidwa bwino ndi zimene zimapirira madzi. Wogula afunse kulemera kumene opanga analemba pa bokosi, ndiponso ngati chingwe chake chingapezeke pa msika chikaduka.

Amene alibe ndalama zogulira asataye mtima. Kalipentala wa pa msika angathe kupanga choyanikira ndi nsungwi zokhwima za zaka zitatu kapena zinayi, zouma ndi zopalidwa mfundo kuti zisakole nsalu, pamodzi ndi timatabwa tiwiri tobowola, timawilo tiwiri ndi chingwe cholukidwa cha nayiloni. Mitengo yopakidwa phula loteteza chiswe siyenera chifukwa imadetsa zovala ndi kuyabwa pakhungu. Njira yotchipa koposa ndiyo kupachika nsungwi imodzi yosasuntha pafupi ndi denga, n'kumakweza zovala zili pa mahang'ala ndi ndodo ya mphanda. Chokolekera chingwe chikhale m'mwamba, ndipo chingwe chotsala chikulungidwe chonse, pakuti mwana wamng'ono akhoza kudzikola nacho m'khosi.

Mphutsi ndi zovala zobisika

Kuyanika m'nyumba kuli ndi phindu lina m'chigawo chino cha Africa. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo ndiponso pa zovala zachinyezi zoyanikidwa pamthunzi kapena pa udzu. Mazirawo amaswa pasanathe masiku atatu, ndipo timphutsi timalowa m'khungu n'kutupitsa ngati chithupsa, kumene timakula kwa masiku 8 mpaka 12. Makanda ndiwo amagwidwa kawirikawiri kudzera m'matewera. Choyanikira cha kudenga chimachotsa zovala pansi, koma windo likakhala lopanda sefa ntchentche ikhoza kulowa ndithu. Kusita ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko, kumapha mazirawo.

Palinso zovala zimene ambiri amachita nazo manyazi kuziyanika poyera: zamkati ndi nsalu zimene amayi ndi atsikana amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Zimenezi zimayanikidwa kuseri kwa bedi kapena pansi pa chovala china, ndipo kambiri zimavalidwa zisanaumitsitse, zomwe zimabweretsa zilonda ndi kuyabwa. Dzuwa ndilo labwino koposa, ndipo nsaluzo zikhoza kuyanikidwa panja zitafundidwa ndi kachitenje kopyapyala. Koma kumene zimenezi sizingatheke, mtengo wa pakati pa choyanikira, pafupi ndi windo, umapereka mphepo ndi ulemu nthawi imodzi.

Ntchito ya alangizi

Mlangizi wa zaumoyo kapena wa chitukuko akafika pa banja lofuna choyanikira, ayambe waona windo, kenaka mtanda, ndipo za mtundu ndi mtengo wake zibwere pomaliza. Chikakhomedwa chiyesedwe ndi zigubu ziwiri za madzi za malita 10, chimodzi mbali iliyonse, zitakwezedwa pang'ono chabe kuchoka pansi ndipo popanda munthu kunsi kwake. Thabwa likalira kapena sikuluwu ikasuntha, ntchitoyo ibwerezedwe. Pakatha sabata mlangizi adzafunse ngati galasi la windo likuchita thukuta m'mawa, ngati zofunda zikumveka zachinyezi, ndiponso ngati pakona ya khoma payamba kuda. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, banjalo lichepetse zovala zoyanika ulendo umodzi, lifinye kwambiri, litsegule windo nthawi yaitali, kapena choyanikiracho chisamukire pakhonde.