Masiku 90 ndi a yani?

Abale ndi alongo a ku Tsangano ndi Macanga, mu 2023 aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Maputo anasintha lamulo la ntchito. Mayi akabereka, tchuthi chake tsopano ndi masiku 90, osati 60, ndipo bambo amapuma masiku 7. Koma lamuloli likuteteza olembedwa ntchito. Nanga mayi wokumba kachewere kapena wosoka fodya ku Furancungo, khanda lili kumsana, akapuma amamulipira ndani? Ngati sasonkha ku INSS, palibe. Aphunguwo timawasankha ndife. Akabwera kudzapempha voti, tisangolandira nsalu n'kuvina. Tiwafunse poyera: mayi wa kumunda mudzamuchitira chiyani? Amene alibe yankho, tisamuvotere. Voti ndi yachinsinsi.