KUTHAMANGA SI KUFIKA

Abale, alipo akulu ena pakati pathu amene anena kuti kanema woseketsa ndi cinthu cacabe, cosayenera munthu wanzeru. Ine nditsutsana nao, ndipo mboni yanga ndiye kanema wa ku America wochedwa Click, amene anaturuka m'caka ca 2006.

Nkhani yace ndi iyi. Munthu wina, dzina lace Michael Newman, ali wolemba mapulani a nyumba, ndipo mtima wace wonse uli pa kukwezedwa pa nchito. Amene asewera malo ace ndiye Adam Sandler. Mlendo wina, Morty, ampatsa rimoti yonga ija tisinthira nayo kanema, koma iyi ifulumiza moyo wa mwini wace. Mkazi akayamba kumdandaulira, iye adina, mau onse napita. Akadwala cimfine adinanso, nacira pomwepo. Apa tonse tiseka. Koma rimotiyo iphunzira makhalidwe ace, niyamba kulumpha yokha, kufikira kulumpha zaka 10. Atsitsimuka ali mkulu wa kampani, koma mkazi wace ali ndi mwamuna wina, ana ace awiri anakula iye osaona, ndipo atate wace amwalira iye kulibe. Potsiriza agalamuka, napeza kuti wapatsidwa danga la kuyambanso.

Otsutsa ati, "Limeneli ndi bodza, rimoti yotere kulibe." Inde kulibe. Nanga Kalulu wa m'nthano za agogo athu analankhuladi? Iai; koma tinaseka pamoto madzulo, ndipo mwambo unalowa pamodzi ndi kusekako. Atinso muli nthabwala zina zosayenera ana. Apo anena zoona, ndipo ang'ono asaonere. Koma munthu sataya cambo cifukwa ca minga.

Tsono mlandu weniweni uli ndi ife amene tiseka Newman, osadziwa kuti rimoti yace tiri nayo kale. Makolo athu ambiri anamka ku migodi ya ku Johannesburg ndi Wenela, kufikira 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown niipha Amalawi 74, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Ena anabwera ndi njinga ndi zobvala; ena sanabwere konse, ndipo tinawacha machona. Lero anyamata akwera basi kumka ku Joni komweko, nati, "Zaka ziwiri zokha, ndipeze malata." Zaka ziwiri zisanduka zisanu ndi zitatu, ndipo mwana amene anamsiya kumbuyo kwa amace amlonjera pobwera ngati mlendo.

Sindinena kuti kufuna ndarama ndi kucimwa. Umphawi uwawa, fetereza ndi wokwera mtengo, ndipo sukulu ifuna zace. Koma wocoka apangane ndi a m'nyumba mwace tsiku la kubwera, nasunge panganolo. Ndipo wokhala pano asadzitame. Mwamuna amene agona miyezi ku gombe la Senga Bay, kapena acezera pa bawo kufikira ana atagona, nayenso adina rimoti.

Ife a ku Chitala tiyenera kumvetsa ici koposa ena, pakuti tikhala pafupi ndi malo a boma oyesera mbeu. Ndani anabzala thonje lero, natola mawa? Liyenera kupaliridwa, kupatuliridwa ndi kupoperedwa miyezi ingapo, ndipo wothawa khasu sapita nalo kumsika. Mwana aposa thonje. Masiku otopetsa aja, a kudwala kwace, a mafunso ace osatha, ndiwo amene amanga cikondi. Wowalumpha sadzakolola ulemu pa ukalamba wace.

Cifukwa cace ndinena, sekani ndithu, koma mutatha kuseka werengani masiku amene munadya nsima pamodzi ndi ana anu mwezi uno. Newman anagalamuka nabwezeredwa zaka zace, pakuti zace zinali za m'kanema. Zanu zikapita, palibe wozibweza.

Mphunzitsi, Chitala.